Chifalansa cha pa Dzaleka musachidutsitse m'Chizungu

Lachiwiri lililonse anthu a kwa Msakambewa ndi midzi ina ya m'mapiri a Dowa amalawirira ndi madengu a tomato, mbatata ndi nkhuku, ulendo wa kumsika wa pa Dzaleka. Mavenda a ku Lilongwe nawonso amakhamukira komweko ndi mabelo a kaunjika. Msikawu eni ake amautcha Mardi Marché, mawu a Chifalansa otanthauza msika wa Lachiwiri. Ambiri a ife timalitchula dzinali osadziwa kuti tayankhula kale Chifalansa.

Dzaleka inali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda. M'chaka cha 1994 boma ndi bungwe la UNHCR adaisandutsa msasa wa anthu othawa nkhondo, ndipo lero kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. M'chaka cha 2023 boma lidakakamiza othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni kubwerera kumsasako. Ndiye wofuna kugula nawo kapena kuwagulitsa katundu, njira yake ndi ya ku Dowa.

Tisanamizane, Chifalansa si chiyankhulo cha onse kumeneko. Pamsika mumamveka kwambiri Chiswahili, Chinyarwanda ndi Chirundi, ndipo ana obadwira komweko Chichewa amachithyola kuposa ena a ife. Dziko la Rwanda lidasiya Chifalansa m'sukulu n'kutenga Chizungu m'chaka cha 2008. Komabe bambo wa ku Congo amene adapita kusukulu, pakafika powerenga ndalama kapena polemba kalata, amabwerera ku Chifalansa.

Vuto lomwe ndaliona ndi ili. Ophunzira athu, ngakhalenso amalonda amene ali ndi foni, akafuna liwu la Chifalansa amayamba aliika m'Chizungu, kenako n'kufunsa dikishonale kapena intaneti. Ulendo wozungulirawu umataya zinthu panjira.

Taonani ulemu. Mzungu wa ku Mangalande ali ndi liwu limodzi lokha, "you", kaya akuyankhula ndi mwana kaya ndi apongozi. Chifalansa chili ngati Chichewa: "tu" ndi iwe, "vous" ndi inu. Mwana wa Fomu 3 amene akudutsira m'Chizungu amatola "tu" poti ndi lalifupi, n'kuwauza mayi a msinkhu wa agogo ake kuti "iwe". Akadayambira m'Chichewa sakadalakwa, chifukwa pakwawo sangayerekeze kutero. Galamala imene aphunzitsi amavutika nayo pabolodi, mwana wa kwa Msakambewa adayamwira kale.

Kwa amalonda msampha waukulu ndi mawu ofanana nkhope. Mukalemba "SALE" pachikwangwani pofuna kunena kuti mwatsitsa mitengo, wowerenga Chifalansa aona kuti mukulengeza kuti katundu wanu ndi wauve, pakuti "sale" kwa iye ndi litsiro. Kasitomala akati "monnaie" sakupempha ndalama ayi, akufuna chenji chake. Ndalama ndi "argent". Akati "je demande" musapse mtima ngati akukulamulani, akungopempha. Ndipo wophunzira wofuna kubwereka buku asafunse "librairie", amulozera sitolo yogulitsa mabuku. Kobwereka ndi ku "bibliothèque".

Koma pomwe munthu angalire ndi pa manambala. Buku la kusukulu, lotsata Chifalansa cha ku Paris, limati 70 ndi "soixante-dix", ndiye kuti 60 kuphatikiza 10, pomwe 90 ndi "quatre-vingt-dix", ma 20 anayi kuphatikiza 10. Anzathu a ku Congo, Rwanda ndi Burundi adalamulidwa ndi Belgium, ndipo iwo amati "septante" ndi "nonante". Mwana amene adakhoza Chifalansa pa mayeso a MSCE atha kuima kakasi pamtengo wa thumba la nyemba chifukwa sadamvepo "nonante mille". Imeneyo ndi K90,000, abale. Wosamva bwino alembetse papepala asanatulutse ndalama.

Zina n'zosavuta. "Combien?" ndi zingati. "C'est cher" ndi zadula. "Pas de problème" ndi palibe vuto, liwu ndi liwu. Basela yekha ndiye alibe mnzake weniweni. Mukati "cadeau", mphatso, akumvani n'kuseka, mwina n'kuwonjezadi tomato awiri.

Ena amati Chifalansa n'chopanda ntchito kuno poti tazunguliridwa ndi Chizungu ndi Chipwitikizi. Ine ndikukana. Mabungwe a SADC ndi COMESA, omwe dziko lino ndi membala, amagwiritsa ntchito Chifalansa, ndipo Lubumbashi, komwe malole amapita ndi katundu kudzera ku Zambia, sikutali. Kumeneko n'kwawo kwa mlakatuli Menes la Plume, amene adayambitsa chikondwerero cha Tumaini pa Dzaleka m'chaka cha 2014.

Chomwe chikusowa ndi kabuku kakang'ono ka m'thumba, ka Chichewa ndi Chifalansa, kokhala ndi malonje, manambala onse awiri a ku Paris ndi a ku Kinshasa, ndi mawu a pamsika. Aphunzitsi a Chifalansa a ku Zomba atakhala pansi ndi aphunzitsi a pamsasapo, amene ena adaphunzitsako sukulu kwawo nkhondo isanawathamangitse, ntchitoyi siingatenge nthawi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa Dzaleka ndi makilomita pafupifupi 40 okha.