Buku la Zilombo za ku Mars Lautsa Mtsutso ku Chawama

Buku la H. G. Wells locedwa The War of the Worlds likamba za zilombo zocokera ku Mars zimene zinatentha mizinda ya ku England ndi kumwa magazi a anthu. Ku Chawama, mu Lusaka, amene analiwerenga sagwirizana. Acinyamata ati ndi nthano yoopsa cabe. Koma akuluakulu ocokera ku Chipata akumbutsa kuti bukuli linatuluka mu 1898, caka comwe Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zao ndi kupha Nsingo, mwana wa mfumuyo. Wells mwiniwake anayerekeza zilombozo ndi Azungu amene anapulula anthu a ku Tasmania. M'bukumo zilombo zinafa msanga ndi matenda, koma kwa Mpezeni, atero akuluwo, alendo analamulira kufikira 1964.