Kadontho pa chipumi cha mkwatibwi

Kadonthoko kanali pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Pa cha mkwatibwi kanagwera pa chipumi, pa cha anyamata a mpira kanali m'mwamba ngati khwangwala wouluka patali. Bambo wojambulayo, amene ndinacheza nawo pamsika wa ku Marka kwa Ndamera, anazula lenzi pa Nikon yawo yokalamba nandilozera m'kati. Kuseri kwa kagalasi kunali kanthu konyezimira, kongofanana kukula ndi sitampa ya pa kalata. Iwo amangokatcha diso, a m'tauni amati sensa. Fumbi la mu Okutobala linatera pamenepo, ndipo bambowa amaopa kukakhudza, chifukwa kakangokandika ndiye kuti kamera yatha. Wodziwa kukatsuka ali ku Blantyre, ndipo ndalama ya minibasi yokha imadya phindu la maukwati angapo.

Ntchito yawo ndi yodziwika: zinkhoswe, maukwati, ubatizo, zithunzi za pa ziphaso. Kale filimu inkapita m'tauni kukatsukidwa, mwini chithunzi n'kudikira masabata. Lero pali kamakina kosindikizira pompopompo, bola batire likhale ndi moto.

Chimene chandikhala mumtima ndi kadiso kaja. Makampani opanga makamera amalimbirana msika, koma ambiri sapanga okha sensa. Canon imadzipangira, pomwe Nikon yakhala ikugula zambiri kwa Sony, mdani wake weniweni pa malonda a makamera. Tikawerengera ndalama, pafupifupi theka la msika wa masensa padziko lonse lili m'manja mwa Sony, kenako Samsung ndi OmniVision. Mu Epulo 2016 chivomezi chinaimitsa fakitale ya Sony ku Kumamoto m'dziko la Japan, makamera a makampani ena n'kuyamba kusowa m'masitolo. Mu 2011 madzi osefukira anamiza fakitale ya Nikon ku Ayutthaya, ku Thailand. Nditawafotokozera bambo aja za ku Thailand, anangogwedeza mutu. Munthu wa ku Nsanje, amene anaona madzi a mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023, safuna kuuzidwa zimene madzi amachita ndi katundu.

Kamera yatsopano sifika kuno. Zimene zimafika n'zogwiritsidwa kale ntchito, zobwera ndi abale a ku Joni kapena zogula ku Limbe, ndipo zatsopano zikasowa kunjako mtengo wa zakale umakweranso. Komabe chimene chawathyola msana ojambula ndi china. Mu 2010 makampani a ku Japan anatumiza pamsika makamera oposa 120 miliyoni, koma mu 2020 sanafike 9 miliyoni. Kodak, kumene Steven Sasson anapanga kamera yoyamba ya dijito mu 1975, inagwa ndi ngongole mu 2012. Olympus inagulitsa nthambi yake ya makamera. Samsung inasiya makamera n'kumapanga masensa a m'mafoni, ndipo Sony nayo imagulitsa masensa ake ochuluka kwa opanga mafoni. Opanga diso sanaluze kanthu, angosintha ogula. Woluza ndi bambo wa njinga yakapalasa amene amafika pa ukwati n'kupeza aliyense wakweza foni ya Tecno kapena Itel m'mwamba.

Ojambula okha sagwirizana pa nkhaniyi. Achikulire amati chithunzi cha m'foni chimafa tsiku limene foniyo yabedwa kapena yagwera m'madzi, pomwe cha pa pepala adzukulu adzachipeza m'sutikesi. Achinyamata amayankha kuti masutikesi omwewo anapita ndi Shire, koma chimene chinatumizidwa pa WhatsApp kwa mlongo ku Beira chilipobe. Onse amagwirizana pa ngongole. Munthu amavala bwino, amaima, amamwetulira, amati adzatenga akagulitsa mbatata kapena nsomba, ndipo sabweranso. Bambo aja ali ndi envelopu yodzaza nkhope za anthu osalipira, ena mwa iwo anamwalira kale, ndipo sangazitaye. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala ndi inki zinakwera, koma kasitomala akamva mtengo watsopano amangotulutsa foni m'thumba.

Ine zimandipweteka chifukwa pali luso limene likupita osalembedwa paliponse. Kujambula khungu lakuda pa dzuwa la masana la m'chigwa chino, mkwatibwi atavala zoyera mbee, si masewera. Ukatsata diresi nkhope imada bii, ukatsata nkhope diresi imapsa. Opanga Tecno anachita kukonza mafoni awo mwadala kuti azitulutsa bwino nkhope zathu. Bambowa anaphunzira zimenezi pa filimu, pamene kulakwitsa kumodzi kunali ndalama yotayika. Amadziwa kudikira mtambo, kukokera gogo pamthunzi, kuseketsa mwana woopa mlendo m'Chisena chake chomwe.

Loweruka lotsatira anali ndi ukwati wina, ndipo diso linali lisanatsukidwe. Ndinawafunsa kuti atani nako kadontho kaja. Anati amakadziwa pamene kamakhala, ndiye amangouza mkwatibwi kuti asendere pang'ono kumanja, kuti kagwere pa masamba a mango. Atatero anakulunga kamera m'chitenje, naiika m'jumbo kuopa fumbi, n'kuimangirira pa kaliyala ya njinga.