Mahedi a injini za pikapu zakale: kulowa kwa mabawuti si umboni wokwanira

Nyengo yogulitsa nandolo ikafika m'dera la mfumu yaikulu Mkhumba m'boma la Phalombe, galimoto zakale za pikapu zimagwira ntchito yoposa mphamvu zake. Zimanyamula matumba pamodzi ndi eni ake m'misewu ya fumbi yochokera m'midzi kukalumikiza msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale, pa nthawi yomwe dzuwa limakhala likuswa mtengo m'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Injini ikawira kawiri kapena katatu m'maulendo oterewa, chomwe kawirikawiri chimayamba kuonongeka ndi silinda hedi, yomwe amakanika amangoitchula kuti hedi.

Hedi ndi chitsulo chomwe chimavindikira masilinda pamwamba pa buloko ya injini. M'menemo ndi momwe mumakhala mavavu, manozo othira dizilo, mahita othandiza polizira galimoto, komanso tinjira ta madzi ndi oyilo. Ikang'aluka kapena kupindika, madzi amayamba kutha m'radiyeta popanda poonekera podontha, utsi woyera umatuluka, ndipo nthawi zina oyilo amasanduka ngati mkaka.

Mwini galimoto akafika pamenepa, kaya ndi wa matola kaya ndi ofesi ya boma, amapatsidwa njira ziwiri: kugula hedi yatsopano, kapena kufunafuna yogwirapo kale ntchito kwa ogulitsa zipangizo ku Limbe kapena ku Ndirande mumzinda wa Blantyre. Yogwirapo kale ntchitoyo nthawi zambiri imakhala yochokera pa injini ya mtundu wina, ndipo wogula amangolimbitsidwa mtima kuti zonse n'chimodzimodzi popeza mabawuti akulowa.

Mawuwa ali ndi choonadi chake pang'ono. Galimoto za Toyota Hilux zoyendera dizilo za m'zaka za m'ma 1990 zinkabwera ndi injini za banja limodzi: 2L ya 2,446cc, 3L ya 2,779cc ndi 5L ya 2,986cc. Zonsezi zili ndi masilinda anayi, mavavu asanu ndi atatu ndi hedi ya chitsulo, ndipo pa zomwe zinapangidwa kuyambira m'chaka cha 1988 hediyo imamangidwa ndi mabawuti 18 okhala malo ofanana. M'maiko ena eni galimoto akhala akuika dala hedi ya 3L pa injini ya 2L-T, yomwe ili ndi tebo, kaamba kakuti hedi yake yoyambirira inatchuka ndi kung'aluka. Choncho kusinthanitsaku si zachilendo, ndipo mmisiri wodziwa ntchito yake akhoza kukuchita bwino.

Vuto lili pa zinthu zomwe maso saona hedi ikakhala pansi pasitolo. Choyamba ndi kukula kwa masilinda. Silinda ya 2L ndi ya mamilimita 92 m'mimba mwake, ya 3L ndi 96, pamene ya 5L ndi 99.5. Gasiketi, yomwe imakhala pakati pa buloko ndi hedi kutseka moto, madzi ndi oyilo kuti zisasakanikirane, iyenera kutsatira buloko osati hedi. Wogula akapatsidwa hedi ya 3L pamodzi ndi gasiketi ya 2L n'kukaziika pa buloko ya 3L, mlomo wa gasiketiyo umalowerera m'kati mwa silinda momwe umapsa ndi moto ngakhalenso kugundidwa ndi pisitoni. Ngakhale magasiketi a injini imodzi sali ofanana makulidwe. Kampani ya Toyota inawapanga m'magulu atatu okhala ndi zizindikiro B, D ndi F, ndipo oyenera amasankhidwa atayeza momwe mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko.

Kuyezaku kuli ndi phindu lina m'boma ngati la Phalombe, lomwe linakhudzidwa kwambiri ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, milatho n'kukokoloka. Injini ya dizilo ikamwa madzi powoloka mtsinje, ndodo yolumikiza pisitoni ikhoza kupindika pang'ono galimoto n'kumayendabe. Pisitoni yotereyi imaoneka yotsalira poiyeza, ndipo kuika hedi ina pamwamba pake n'kungotaya ndalama.

Chachiwiri ndi kapanikizidwe ka mpweya. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Mafuta amayaka okha chifukwa mpweya wapanikizidwa mpaka kutentha kwambiri. Pa injini zitatuzi mpweya umapanikizidwa mowirikiza pafupifupi ka 22. Kuwerengera kwake kukuonetsa kuti malo omwe amatsala pisitoni ikafika pamwamba ndi pafupifupi 29cc pa 2L, 33cc pa 3L ndi 35cc pa 5L, ndipo gawo lalikulu la malowa ndi kachipinda ka m'hedi momwe dizilo amayambira kuyaka. Kusiyana kwa 2L ndi 3L sikudzadza ngakhale supuni ya tiyi, komatu n'kokwanira kusintha khalidwe la injini. Malowa akakula, galimoto ikhoza kumavuta kulira m'mawa wa Juni ndi Julayi, n'kumatulutsa utsi mpaka itatenthera. Akachepa, mphamvu yokankha gasiketi ndi kutentha zimakwera, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka patapita miyezi, galimoto italemedwa pa chitunda. Kupala hedi yopindika, komwe amakanika amati kusikima, nako kuli ndi malire ake, ndipo hedi ya pasitolo sinena kuti inapalidwa kangati.

Palinso mahedi omwe salowana n'komwe ngakhale maina akunyenga. Injini za 2L zomwe zinapangidwa chisanafike chaka cha 1988 zinkatsegula mavavu kudzera pa timikono, pamene za pambuyo pake kamshafuti imakankha mavavu mwachindunji, kotero mahedi awo ndi osiyana. Injini ya 1KZ-TE, yomwe m'mapepala imalembedwa kuti 3.0 monga 5L, ndi ya banja lina ndipo hedi yake ndi ya aluminiyamu. Ku mbali ya petulo, injini ya 22R inasinthidwa m'chaka cha 1985 pamene buloko inafupikitsidwa ndipo hedi ndi mapisitoni zinakonzedwanso, motero hedi ya 22R yakale siyenera kungoikidwa pa buloko yatsopanoyo. Mahita nawo amasiyana mphamvu ya magetsi malinga ndi galimoto yomwe hediyo inachokera, ndipo osayenera amapsa msanga kapena kulephera kutentha.

Nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito m'boma m'njira ziwiri, monga ovomereza ndalama zokonzetsera galimoto za maofesi komanso monga ogula galimoto zakale. Nambala ya injini, yomwe imalembedwa m'bulubuku ya nthambi yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imadindidwa pa buloko. Hedi ikasinthidwa nambalayo imakhala yomweyo, ndipo poyeza galimoto kuti ilandire chiphaso cha COF saphwasula injini. Izi zikutanthauza kuti galimoto ikhoza kukhala ndi mapepala olongosoka bwino lomwe pamene injini yake ndi yophatikiza, wina aliyense osadziwa kupatula makanika yemwe anaimanga. Ofesi ikhoza kulipira mtengo wa hedi yatsopano pamene yaikidwayo ndi ya pa galimoto ya ngozi, ndipo dalaivala ndiye amadzanamiziridwa kusasamala injini ikawiranso.

Chitetezo chomwe mkulu woona za galimoto ali nacho ndi zolembedwa. Pepala la ntchito liyenera kutchula mtundu wa buloko, mtundu wa hedi yomwe yaikidwa ndi komwe yachokera, ngati inayezedwa ndi mpweya kapena madzi pofufuza ming'alu, chizindikiro cha gasiketi, ndi zotsatira za kuyeza mphamvu ya masilinda onse anayi ntchito itatha. Liyeneranso kunena momwe mabawuti anamangidwira, chifukwa pa injini za 3L ndi 5L amamangidwa ndi sipanala yoyezera kufika pa 78Nm kenaka n'kupotozedwa madigiri 90 kawiri, motsata ndondomeko yake, osati mongodalira mphamvu za mkono. Hedi yakale iyenera kubwezedwa ku sitolo ya ofesi kuti ofufuza za chuma aione.

Pomaliza pake payenera kulembedwa chomwe chinawiritsa injini poyamba, pakuti hedi sing'aluka yokha. Kawirikawiri gwero limakhala radiyeta yotsekeka ndi matope ndi zinyalala za m'minda, chivindikiro chake chofooka, pampu ya madzi yotha, fani yosazungulira mokwanira, kapena chizolowezi chochotsa themositati poganiza kuti ndiyo ikutenthetsa injini. M'madera oyandikira nyanja ya Chilwa madzi a m'mijigo ina ndi amchere, ndipo akamathiridwa m'radiyeta m'malo mwa mankhwala oziziritsira injini amasiya dzimbiri ndi zokanirira m'tinjira ta m'hedi. Ngati izi sizinakonzedwe, hedi yomwe yaikidwayo, ingakhale yoyenera chotani, idzang'alukanso pa nyengo ina ya nandolo.