Mwendo Kapena Mbale: Cocepetsa Thupi Nciti?

Dzuwa likapendeka, kutentha kwa mu Livingstone kutayamba kuzirala, m'miseu ya ku Highlands mumaoneka anthu oyenda ndawala, ena awiri-awiri, ena okha, thukuta liri kamu-kamu. Ambiri a iwo ndi anthu amene amapita ku nchito pa galimoto nakhala pa mpando tsiku lonse. Cimene afuna ndi kucepetsa thupi. Koma ikatha miyezi iwiri, ena pokwera pa sikelo amapeza kuti singano siinasunthe, ndipo amataya mtima. Colakwa si miyendo yao ai. Colakwa ciri m'mbale.

Bvuto limeneli si la ku Highlands kokha. Pa kufufuza za umoyo kumene kunacitika m'Zambia monse mu 2013 ndi 2014, kunapezeka kuti akazi 23 mwa 100 ali onse anali olemera kopitirira muyeso. Kunenepa kotere kumaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso kumatopetsa maondo.

Thupi la munthu lifanana ndi sitima zakale za malasha zimene zinaimikidwa ku Railway Museum. Cakudya ndiwo malasha ake. Kusiyana kwake nkwakuti malasha otsala thupi silitaya, koma limawasandutsa mafuta ndi kuwasunga pamimba ndi m'cuuno. Madotolo amayesa mphamvu ya cakudya ndi muyeso wochedwa makalori, ndipo kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori ngati 7,700.

Tsono kucokera m'tauni kukafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya pali makilomita ngati 10. Munthu wolemera makilogalamu 80 akayenda pansi mtunda wonsewo, njobvu zikamlola kudutsa, amatha maola awiri ndipo amatentha makalori ngati 600. Ndiye kuti pafunika maulendo otere 13 kuti acotse kilogalamu imodzi yokha! Atafika, akamwa botolo limodzi la Coca-Cola la theka la lita, wabweza kale makalori oposa 200, pamodzi ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 13. Akaonjezapo zitumbuwa ziwiri, ndi mowa mabotolo awiri madzulo, ulendo wonse uja wabwerera m'mimba. Kudya nkwa mphindi zisanu, koma kutentha cimene wadyaco nkwa maola.

Palinso cina. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake analengeza zimene anapeza pakati pa Ahadza a ku Tanzania, anthu osaka nyama ndi kukumba mizu, amene amayenda mitunda yaitali tsiku ndi tsiku. Poyerekeza ndi kukula kwa thupi, makalori amene Mhadza amatentha pa tsiku sanasiyane kweni-kweni ndi a munthu wa m'mizinda ya ku America kapena ku Ulaya. Thupi ndi locenjera: likaononga mphamvu zambiri kwina, limaumira kwina, ndipo limautsanso njala.

Anthu a m'migodi amazidziwa bwino izi. Munthu wogwira nchito pansi pa mgodi amatha mitanda inai ya nsima osanenepa. Akamkweza kukhala kalaliki, kapena akapuma nchito, mitanda imakhala inai yomweyo, ndipo caka cisanathe lamba wayamba kuthina.

Cotero wofuna kucepa ayambire kukhichini. Sikuti aleke nsima, koma acotsepo mtanda umodzi, ndipo malo ake adzaze ndi cibwabwa, kalembula, lepu, nyemba kapena kapenta. Ufa wa mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera mbee. Mafuta ophikira ndiwo mbala yosaoneka, pakuti supuni yaikulu imodzi iri ndi makalori ngati 120, ndipo m'nyumba zambiri amathira osayesa. Shuga wa m'tiyi nayenso acepe.

Kodi tsono oyenda a ku Highlands aja angobvutika cabe? Iai ndithu. Kuyenda kumatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga wa m'magazi ngakhale sikelo isasunthe. Kumasunga minofu, kuti cocoka cikhale mafuta osati mphamvu. Ndipo anthu amene anacepa osanenepanso, kawiri-kawiri ndi iwo amene sanaleke kuyenda. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuyenda ndawala kapena kuchova njinga mphindi zosacepera 150 pa mlungu, monga theka la ola masiku asanu.

Kucepa kwabwino kumadza pang'ono-pang'ono, ngati theka la kilogalamu pa mlungu. Anansi adzanong'onezana kuti uje wadwala, pakuti ambiri akali kuyesa mimba yaikulu cizindikiro ca cuma. Izo zisamtekese munthu. Koma amene aonda asanasinthe kadyedwe, maka-maka akamamva ludzu losatha, kukodza kawiri-kawiri kapena kutsokomola kwa milungu, ameneyo afulumire kupita kucipatala akamuyese.