Chombo chosangalalira pamadzi: hovercraft kapena boti?

Hovercraft ndi chombo choyenda pamwamba pa madzi, pa matope, pa mchenga ngakhale pa udzu waufupi. Chilibe matayala, ndipo chikamayenda sichikhala m'madzi monga boti. Injini imazunguza fani yaikulu imene imapopera mpweya kunsi kwa chombocho, ndipo nsalu yolimba yokutidwa ndi labala, yomwe amaitcha siketi, imazungulira m'mphepete monse kuti mpweyawo usathawe msanga. Chombo chonse chimanyamuka pang'ono n'kutsamira pa mpweya umenewo. Zing'onozing'ono zake, zokwera anthu awiri mpaka asanu, zimapangidwa ku Britain, ku America ndi ku Australia, ndipo makanema ake amafika m'mafoni a anthu ku Kawale, ku Area 25 ndi kwina konse mu Lilongwe. Munthu wa mumzindawu amene geni yamuyendera, ndipo akufuna chakechake chopita nacho kunyanja pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, akhoza kukopeka nacho. Asanatulutse ndalama ayenera kudziwa madzi amene chombocho chidzayendepo, mphepo ya kumeneko, ndi munthu amene adzachikonze chikadzawonongeka.

Amene adatulukira njira yoyendetsera chombochi ndi Christopher Cockerell, injiniya wa ku England yemwe ankachita bizinesi yobwereketsa maboti. Poyesa maganizo ake adalowetsa chitini chaching'ono m'chitini chachikulu, n'kupopera mpweya mu mpata wa pakati pa zitini ziwirizo, kunsi atayika sikelo ya kukhitchini. Sikeloyo idasonyeza kuti mpweya wotuluka mozungulira chotero umakankha mwamphamvu kuposa wotuluka pa bowo limodzi. Adalembetsa luso lakelo mu 1955, ndipo kampani ya Saunders-Roe idapanga chombo choyamba chotchedwa SR.N1, chomwe chidawoloka nyanja kuchoka ku Calais m'dziko la France kukafika ku Dover pa 25 July 1959. Pambuyo pake padabwera zikuluzikulu za mtundu wa SR.N4 zonyamula anthu oposa 400 ndi galimoto 60, koma zidaleka kuyenda mu 2000 chifukwa zinkamwa mafuta kwambiri, komanso njanji yodutsa pansi pa nyanjayo idali itawalanda anthu okwera. Lero kampani ya Hovertravel ikadanyamulabe anthu pakati pa Southsea ndi Ryde, pa chilumba cha Isle of Wight, ulendo wa mphindi ngati khumi.

Wogula chombo chaching'ono amayamba wasankha pakati pa cha injini imodzi ndi cha injini ziwiri. Pa cha injini imodzi, fani yomweyo imagawa mpweya: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita kunsi kukanyamula chombo, wotsalawo n'kumakankha chombocho kupita kutsogolo. N'chopepuka komanso chotsikirapo mtengo, koma woyendetsa akachepetsa moto kuti ayende pang'onopang'ono, chombo chimatsikanso n'kuyamba kukhula pansi. Cha injini ziwiri chimakhala chonyamuka ngakhale chitaima malo amodzi, motero n'chosavuta kuchiyendetsa pamalo opanikizika, ngakhale kuti zokonza zimachuluka. Siketi nayo ili mitundu iwiri. Ina ndi thumba limodzi lalikulu lozungulira chombo chonse. Ina ndi timatumba tambirimbiri tomangidwa patokhapatokha, moti kamodzi kakang'ambika pa chitsa, munthu amangomasula komweko n'kumangirira kena ali pagombe pomwepo. Kwa munthu wokhala kutali ndi fakitale, mtundu wachiwiriwu ndiye wanzeru.

Zimene makanema sasonyeza ndi momwe chombochi chimavutira kuchiwongolera. Chilibe mabuleki. Chimakhota pogwiritsa ntchito ziwongolero zimene zili kumbuyo kwa fani, ndipo popeza palibe chogwira pansi, chimakhota chikutsetserekera cham'mbali, monga imachitira galimoto pa msewu wamatope wa ku Chinsapo mvula ikagwa usiku wonse. Woyendetsa amayenera kuyamba kukhota akadali patali ndi pokhotera, n'kupendekera thupi mbali imene akupita. Kampani ya Neoteric ya ku Indiana, m'dziko la America, imaika zotembenuzira mpweya kutsogolo kuti chombo chizitha kuima msanga ndi kubwerera m'mbuyo, koma zambiri zilibe zimenezi. Vuto lina limabwera ponyamuka pamadzi akuya. Mpweya wa kunsi uja umakumba dzenje m'madzi, ndipo chombo chimayenera kukwera kutuluka m'dzenjemo chisanayambe kuthamanga. Chikalemedwa chimangolira pomwepo, madzi akuthovokera anthu kumaso, osasuntha kwenikweni. N'chifukwa chake katundu amene chombo chinganyamuke naye pamadzi amachepa poyerekeza ndi amene chinganyamuke naye pamtunda, ndipo wogulitsa ayenera kufunsidwa za kulemera kwa pamadziko, makamaka ngati cholinga ndi kukweza banja lonse pamodzi ndi bokosi la zakumwa.

Mu Lilongwe mwenimwenimo mulibe poyendetsa chombo chotere. Mtsinje wa Lilongwe, umene umadutsa pafupi ndi Chinsapo ndi Kawale, m'chilimwe umaphwera n'kusiya miyala, maenje a okumba mchenga ndi zinyalala za mapulasitiki, pamene siketi ya hovercraft yaing'ono imangodumpha chinthu chotalika masentimita 20 kapena 25 basi. M'dzinja mtsinjewo ndi mnzake Lingadzi amasefukira mwaukali, atanyamula mitengo, mpaka kugwetsa nyumba za m'mbali mwake, ndipo imeneyo si nthawi yoseweretsa moyo. Madzi odekha apafupi ali ku Malingunde, pa madamu awiri a Kamuzu, komwe kulinso kalabu ya anthu oyendetsa maboti a thanga, ya Lilongwe Sailing Club. Koma madzi amenewo ndi omwe anthu a mumzinda amamwa, ali m'manja mwa Lilongwe Water Board, ndipo palibe angangofika ndi chombo cha injini n'kuchiponyamo popanda chilolezo. Pamsewu napo hovercraft siyenda. Imanyamulidwa pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, choncho mwini wake amafunikanso galimoto yamphamvu ndi malo oimikapo ngoloyo, chinthu chosowa pa mapuloti ambiri a ku Biwi, ku Mgona kapena ku Area 23, komwe nyumba za lendi zidadya bwalo lonse.

Kwa anthu a ku Lilongwe, kunyanja ndi ku Salima: makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14 kukafika pa boma, ndi ena ngati 20 kukafika ku Senga Bay. Apa ndi pamene nkhani ya mphepo imakulira. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo mphepo ya mwera, imene imaomba kuchokera kumwera chakum'mawa kuyambira cha mu May mpaka cha mu September, imadzutsa mafunde otha kuposa msinkhu wa munthu. M'nyengo ya mvula kumabwera mpoto, ndi mikuntho yodzidzimutsa yotsika m'mapiri. Nyanja imene pa kadzutsa idali bata, pofika masana imakhala itachita thovu. Sitima ya Vipya, yachitsulo komanso yatsopano, idamira pa mkuntho kumpoto kwa nyanjayi pa 30 July 1946, anthu 145 n'kutaya miyoyo. Hovercraft yaing'ono imayenda bwino pamadzi osalala, ndipo mafunde akangopitirira theka la mita ulendo umasanduka nkhondo. Poti chombochi sichigwira madzi, mphepo yochokera m'mbali imachikankha mosavuta, ndipo mphuno yake ikhoza kuzama mwadzidzidzi m'funde n'kuponyera anthu kutsogolo. Masiku oyendetsa chombochi mosatekeseka ku Senga Bay ndi ochepa pa chaka, makamaka m'mamawa a mu October ndi November, mwera utatha ndipo mvula isanayambe.

Malo amene hovercraft imaposa boti alipo, ndipo ndi pamene madzi ndi mtunda zasakanikirana. Bungwe la RNLI, lopulumutsa anthu panyanja ku Britain, lakhala likugwiritsa ntchito zombozi kuyambira 2002 pa magombe amatope monga a ku Morecambe, pomwe boti limatitimira ndipo munthu sangapondepo. Pa zombo zomwezi, bungwe la HoverAid limafikitsa madokotala ku midzi ya m'mbali mwa mitsinje yosaya ya ku Madagascar. Kuno kwathu malo ofanana nawo ndi nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yosaya ndipo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, dambo la Elephant Marsh m'chigwa cha Shire, ndi malo odzaza ndi namasupuni amene amakola pulopela ya injini ya boti. Madzi osefukira a ku Nsanje ndi Chikwawa, monga a mu 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu March 2023, ndi ntchito imene chombochi chingathandizepo kwambiri. Imeneyo ndi ntchito yopulumutsa anthu, yoyenera boma ndi mabungwe. Kusangalala nacho m'malo amenewa ndi nkhani ina, chifukwa Chilwa ndi Elephant Marsh ndi madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, odzaza ndi mbalame zoswana, ndipo phokoso la fani limamveka kutali kwambiri. M'madambo momwemo muli mvuu ndi ng'ona, ndipo hovercraft ikazima pakati pa bango siipalasika ndi nkhafi monga bwato. Ubwino umodzi woyenera kuutchula ndi woti ilibe chilichonse cholendewera m'madzi, kotero imadutsa pamwamba pa matchera a asodzi osawadula, pamene boti la injini loyendetsedwa mosasamala limawononga ukonde umene banja lonse limadalira.

Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Chombocho chimalipiridwa ndi ndalama zakunja, chimabwera m'kontena kudzera ku doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo chikafika a MRA amafuna msonkho wawo. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chipangizo chilichonse choitanitsa kunja chidakwera nayo. Mchenga ndi mdani wa hovercraft: umadya siketi kunsi, umapala mapeni a fani, umalowa mu fyuluta ya mpweya. Amakaniko a ku Biwi Triangle ndi akatswiri, amatha kutsitsa injini ya minibasi m'mawa n'kuibwezera madzulo, ndipo injini ya hovercraft sangailephere, poti zambiri zimafanana ndi za njinga zamoto kapena za majenereta akuluakulu. Chimene sangachipeze m'mashopu a masipeya ndi mapeni a fani, lamba wake ndi nsalu ya siketi. Fani yozungulira mothamanga chotero siilola kusula kapena kuwotcherera, chifukwa peni limodzi likathothoka limavulaza munthu. Wogula wanzeru amaitanitsiratu zimenezi m'kontena momwemo, ndipo amasankha injini yosafuna kusakaniza petulo ndi oyilo, imene imamwa mafuta pang'ono komanso siisokosa kwambiri.

Poyerekeza ndi zonsezi, boti wamba lili ndi mwayi waukulu pa nyanja ya Malawi. Maboti amatabwa amakhomedwa m'magombe ambiri, ndipo ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, komwe kuli sukulu ya zausodzi, ntchito yopanga maboti ndi yakalekale. A fibreglass ndi opepuka ndipo safuna kumatidwa chaka ndi chaka. Injini zopachika kumbuyo za Yamaha, za mphamvu ya mahatchi 15, 25 kapena 40, ndi zomwe asodzi a usipa ndi utaka amagwiritsa ntchito, kotero pa doko lililonse lalikulu pamapezeka wodziwa kuzikonza ndi wogulitsa mapulagi ndi mapulopela. Boti la mphuno yosongoka limang'amba funde, ndipo injini ikazima pamakhala nkhafi ndi nangula. Okonda bata amasankha kayak kapena boti la thanga, mtundu umene umapikisana pa mpikisano wa Lake Malawi Sailing Marathon m'nyengo ya mwera. Ndipo munthu wopita kunyanja kawiri kapena katatu pa chaka amapindula pongochita hayala boti ku Senga Bay, lokhala ndi woyendetsa wodziwa miyala ndi mphepo, kukazungulira chilumba cha Namalenje kapena kupita ku zilumba za Maleri. Zilumba za Maleri zili m'gulu la Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaizindikira mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna, choncho kumeneko kuli malamulo a paki ndi ndalama yolowera.

Zombo za pa nyanja ndi mitsinje ya m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995, ndipo nthambi ya boma ya Marine Services ndiyo imalembetsa zombo, kuziyeza ngati zili zoyenera kuyenda, ndi kupereka ziphaso kwa oyendetsa. Sukulu yophunzitsa ntchito za pamadzi ili ku Monkey Bay. Popeza hovercraft si chombo chozolowereka kuno, ofuna kuitanitsa ayenera kufunsa nthambiyi ndi kampani ya inshuwalansi asanalipire, kuti adziwe gulu limene chombocho chidzaikidwe. Pa chombo chilichonse payenera kukhala jekete loyandamitsa la munthu aliyense, la ana likhale la msinkhu wawo, komanso chozimitsira moto, chingwe, chokapira madzi ndi foni yosungidwa m'chikwama chosalowa madzi. Woyendetsa samwa mowa, ndipo asananyamuke amauza wina wotsala pagombe komwe akupita ndi nthawi yobwerera. Machenjezo a mwera amene nthambi yoona za nyengo imaulutsa pa wailesi ndi ofunika kuwamvera ngakhale kumwamba kuli koyera. Wosiya chombo chake kunyanja m'malo mobwerera nacho ku Lilongwe asankhe malo okwera, chifukwa mu 2024 nyanja idakwera mpaka kumiza magombe ndi nyumba zogona alendo ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi.