Kudziŵa Kuti Moŵa wa Masese Wapsa

Kwa Magaleta m'boma la Neno, monganso m'midzi yambiri ya m'Malaŵi muno, moŵa wa masese umafululidwa tsiku lomwera litaikidwa kale. Mayi amene waitana anthu ku dima, kapena amene wafulula moŵa wogulitsa kuti apeze ndalama zolipirira ana kusukulu, sangathe kulisuntha tsikulo. Akakuntha moŵa usanapse, anthu amati waŵapatsa thobwa. Akachedwa, moŵa umasasa, ndipo ufa, nkhuni ndi thukuta la sabata yathunthu zimapita pachabe. Tsono funso la lero ndi ili: kodi wofulula amadziŵa bwanji kuti moŵa wapsa?

Poyamba nkofunika kumvetsa zimene zimachitika m'mbiya. Phala la mgaiwa palokha silitsekemera. Chimera, kaya ndi cha maŵere, cha mapira kapena cha chimanga, ndicho chimasandutsa ufa wa m'phalamo kukhala shuga, ndipo apa mpamene pamapezeka thobwa. Kenaka tizamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa yisiti, timadya shugayo ndi kutulutsa zinthu ziŵiri: ukali woledzeretsa, ndi mpweya umene umaoneka ngati thovu. Katswiri wa ku France, Louis Pasteur, ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1850 kuti kuŵira kotere ndi ntchito ya tizamoyo. Timapezeka pa chimera ndiponso m'kati mwa mbiya imene inafululidwiramo kale, ndipo nchifukwa chake moŵa umafulumira kuŵira m'mbiya yakale kuposa m'yatsopano.

Wofulula wodziŵa ntchito yake ali ndi mboni zinayi: khutu, diso, mphuno ndi lilime. Akatchera khutu pakamwa pa mbiya moŵa uli pachimake, amamva phokoso ngati la mvula yowaza pa udzu. Phokosolo likayamba kutsika, ndiye kuti shuga watsala pang'ono. Diso nalo limaona thovu likukwera ndi kukankhira gaga pamwamba. Thovu likagwa, gaga nkuyamba kumira, nthaŵi yayandikira. Mphuno imamva fungo la phala litachoka, m'malo mwake mwabwera fungo lakuthwa lolasa m'mphuno. Koma mboni yaikulu ndi lilime. Moŵa wosapsa umatsekemera ndipo umamata milomo. Wakupsa umapyapyala, kutsekemera kumangomveka patali, kuŵaŵasa kuli pang'ono, ndipo umathetheka pa lilime. Ukaluma kukhosi ngati viniga, nthaŵi yapita kale. Mboni imodzi siikwana, pakuti usiku wozizira ukhoza kutontholetsa mbiya shuga akadalimo wambiri. Choncho khutu likanena kuti moŵa wakhala chete, lilime liyenera kuvomereza.

Chinthu chofunika kuchigwiritsa ndi chakuti moŵa wa masese sudikira kuti umalize kuŵira. Umamwedwa ukadali wamoyo. Pamenepa umasiyana ndi moŵa wa m'botolo, monga umene unayamba kufululidwa ku Blantyre pamene fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa mu 1968. M'mafakitale otere amapima shuga wotsala ndi chida chake, ndipo muyeso ukaleka kutsika amadziŵa kuti kuŵira kwatha, nasefa yisiti asanatseke botolo. Masese sasefedwa chotero. Ngakhale paketi ya Chibuku inapangidwa ndi kaboo pamwamba kuti mpweya uzitulukirapo, pakuti moŵawo umaŵirabe uli m'manja mwa wogula. Choncho mayi wa kwa Magaleta safuna tsiku limene mbiya yafa, koma tsiku limene shuga wachepa, kusasa kusanalamulire. Pakuti m'mbiya momwemo muli tizamoyo tina toŵaŵasa, ndipo ena mwa ito, tikapeza mpweya wakunja, timasandutsa ukali wa moŵa kukhala viniga. Moŵa ukapsa, masiku ake abwino ndi oŵerengeka.

Kuŵerenga masiku kokha kumanyenga, chifukwa yisiti imagwira ntchito molingana ndi kutentha. Boma la Neno lenilenilo lili ndi nyengo ziŵiri: kumapiri kozizira, ndi kuchigwa cha Lisungwi ndi Zalewa kotentha. Moŵa umene ungapse msanga m'mwezi wa Okutobala kuchigwa, umatenga nthaŵi yotalikirapo m'mwezi wa Juni kumapiri. M'nyengo yozizira, wofulula amafunditsa mbiya ndi masaka ndi kuiika m'khitchini mofunda. M'nyengo yotentha amaiika pamthunzi, namalaŵa m'maŵa ndi madzulo, chifukwa usiku umodzi wokha ukhoza kuononga mgolo wathunthu.

Pali machenjezo aŵiri. Loyamba, moŵa woŵira usatsekeredwe m'chigubu kapena m'botolo lotseka ndithu, pakuti mpweya ukasoŵa potulukira umaphulitsa chotengeracho ndi kuvulaza anthu. Pakamwa pa mbiya pavundikiridwe ndi lichero kapena nsalu yoyera, kuti mpweya uzituluka koma ntchentche zisaloŵe. Lachiŵiri, moŵa ukachedwa kupsa, mankhwala ake ndi kufunditsa ndi kudikira. Kuthiramo zinthu zosadyedwa pofuna kuufulumiza kapena kuuwonjezera ukali ndi kuika miyoyo ya anthu pangozi.

Tsono amene akukonzekera dima kapena malonda aŵerenge masiku ake moganizira nyengo, ndipo asatumize mwana kukaitana anthu asanalaŵe yekha chikho choyamba.