Mdani wa matenda a mpunga amakhala m'nthaka momwemo

KADOMA, Zimbabwe – Madera a Kadoma ndi Chegutu amadziwika ndi thonje, osati mpunga. Komabe vuto limene limapha mbande za thonje kuno n'lofanana ndi limene limasautsa alimi a mpunga.

Gwero la vutoli ndi fangayi, tinthu tamoyo ta m'gulu la bowa ndi chuku. Mmodzi mwa iwo, wotchedwa Rhizoctonia solani, amakhala m'nthaka ndipo amawoletsa tsinde la mbande za thonje ndi fodya. Mtundu wina wa fangayi yemweyu umagwira mpunga. Umayambira m'munsi mwa phesi, pafupi ndi madzi, n'kukwera m'masamba mpaka ngala zimatuluka zamphwephwa.

Mu 1932 katswiri wina ku America, Richard Weindling, anaonetsa kuti fangayi wina wa m'nthaka, Trichoderma, amazinga ulusi wa Rhizoctonia n'kuupha. Amaulandanso chakudya ndi malo pamizu ya mbewu. Mu 1988 akatswiri a bungwe lofufuza za fodya la Tobacco Research Board, ku Kutsaga pafupi ndi Harare, anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti Trichoderma harzianum amachepetsa matendawa pa mbande za fodya. Ku India, alimi ena a mpunga amapaka Trichoderma kapena bakiteriya wotchedwa Pseudomonas fluorescens pa mbewu asanafese, kapenanso kuviika mizu ya mbande asanawokere.

Ubwino wa njirayi ndi woti imachepetsa mankhwala opopera, amene ndi okwera mtengo ndiponso amatsetserekera m'madzi momwe anthu amaphamo nsomba.

Koma njirayi ili ndi malire. Imateteza, siichiza munda umene wagwidwa kale. Popeza Trichoderma ndi wamoyo, amafa akasungidwa pamalo otentha kapena kwa nthawi yaitali, ndipo mankhwala ena opha fangayi amamuphanso. Mtundu umene wachita bwino m'nazale ya fodya uyenera kuyesedwa kaye m'dambo lodzaza madzi.

N'chifukwa chake mlimi ayenerabe kubzala mbewu yabwino, kupewa kuthithikiza mbande ndi kusachulutsa feteleza wa nayitrojeni, chifukwa mpunga wothinana ndi wobiriwira mopitirira muyeso ndi umene matendawa amaukonda.